Malikisi a phungu pa nkhani ya mafuta ndi magetsi: voti yoyenera kuifufuza ndi iti?

Funso lachokera kwa mayi wina wakwathu amene wakhala ku America zaka zambiri, ndipo posachedwa wakhala nzika ya kumeneko. Akuti m'bokosi lake la makalata mwagwa timapepala tiwiri tonena za phungu mmodzi yemweyo. Koyamba kakuti phunguyo ndi mdani wa chilengedwe, ndipo malikisi ake sakufika n'komwe 10 pa 100. Kachiwiri kali ndi chithunzi cha phunguyo atavala chisoti cha pantchito, akumwetulira pa fakitale yatsopano ya mabatire. Mayiwo akufunsa kuti: wonama ndani pamenepa, ndipo munthu wamba angadziwe bwanji mmene phungu wakhala akuvotera pa nkhani ya magetsi a dzuwa, a mphepo, ndi galimoto zosamwa mafuta ambiri?

Mayi, n'kutheka ndithu kuti palibe kapepala kamene kanama. Phungu angathe kukana bilu ku Washington, bilu n'kudutsabe, ndalama zake n'kufika kwawo, iye n'kupita kukadula riboni. Zinachitikapo poyera. Ku Dalton, m'chigawo cha Georgia, kuli fakitale ya Qcells yopanga mapanelo a sola. Mu Januwale 2023 kampaniyo inalengeza kuti ikuwonjezera ndalama zokwana madola 2.5 biliyoni pa ntchito zake ku Georgia, patangopita miyezi isanu chikhazikitsireni lamulo lotchedwa Inflation Reduction Act, lomwe linkachotsera msonkho opanga zipangizo zoterezi. Phungu wa dera la Dalton panthawiyo, Marjorie Taylor Greene, anali atavota kukana lamulolo, monga anachitira aphungu onse a chipani cha Republican amene anavota. Fakitale ndi yoona, voti yokana nayo ndi yoona.

Chimene inuyo muli nacho kumeneko, chomwe kwathu kuno timachisowa, ndi mayina. Ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe nkhani zambiri zimatha ndi mawu: sipikala afunsa ovomera, afunsa okana, amva mbali imene yafuula kwambiri, basi. Kuti dzina lililonse liitanidwe ndi mwa apo ndi apo, ngati mu Julayi 2002 pamene bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti inagwa chifukwa choperewera mavoti atatu. Ku America nkhani zikuluzikulu amaziwerenga dzina ndi dzina. M'nyumba yaing'ono, House of Representatives, ya aphungu 435, akhala akuvota ndi makina kuyambira 1973. Mu Senate, ya anthu 100, kalaliki amaitana mayina. Zonse zimasungidwa pa congress.gov, pa senate.gov ndi pa clerk.house.gov, ndipo simulipira kanthu kuti muwerenge.

Tsono malikisi aja amachokera kuti? Ambiri amene mudzawaone pa timapepala ndi a bungwe la League of Conservation Voters, lomwe lakhala likutulutsa malikisi a aphungu kuyambira 1970. Chaka chilichonse bungweli limasankha mavoti angapo mwa mazana ambiri amene aponyedwa, n'kuwerenga kuti phungu anagwirizana nalo kangati. Mawerengedwe ake ndi oona, ndipo voti iliyonse amaionetsa. Koma wosankha mafunso a mayeso ndi bungwelo, ndipo bungwelo lili ndi mbali yake pa ndale. Mabungwe a mbali inayo nawo ali ndi malikisi awo, moti amene wapeza 5 kuno amakapeza 95 uko. Chinanso, nambalayo imaphatikiza zinthu zambiri: madzi, nkhalango, nyama zakutchire, ngakhale kuvomereza anthu osankhidwa pa maudindo. Inuyo mwafunsa za mafuta ndi magetsi, ndiye nambala imodziyo yakuyankhani mafunso ena amene simunafunse.

Taonani zimene zinamuchitikira John McCain, yemwe anali seneta wa chipani cha Republican. Mu 2002 iye ndi John Kerry anafuna kuti galimoto zizitha kuyenda mamailosi 36 pa galoni pofika 2015. Mu 2003 iye ndi Joe Lieberman anabweretsa bilu yochepetsa utsi wosokoneza nyengo, yomwe inagwa ndi mavoti 43 kwa 55. M'chipani chake ameneyu anali mmodzi mwa ochepa oyankhula za nkhaniyi. Koma malikisi ake a 2007 anali 0. Chifukwa chake n'chakuti anali kalikiliki ndi kampeni ya upulezidenti, sanapezeke pa voti ngakhale imodzi mwa zimene bungwe lija linawerenga, ndipo kujomba ankakuwerenga ngati kukana. Mukamva zimenezi mutha kunena kuti anamulakwira. Ine sindifulumira kumumvera chisoni, ndipo chifukwa chake chili m'nkhani ya Disembala 2007, yomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono pakuti muli phunziro lonse la kawerengedwe ka mavoti.

Tiyambe chakumbuyo pang'ono. Lamulo lokakamiza makampani kupanga galimoto zosamwa mafuta ambiri, lomwe kumeneko amangoti CAFE, linabadwa mu 1975, Gerald Ford ali pulezidenti, maiko a Aarabu atatseka mafuta mu 1973 anthu n'kumafola pa mafilingi siteshoni. Mizere imeneyo ife sitichita kuuzidwa. Lamulolo linati pofika 1985 galimoto zing'onozing'ono za kampani iliyonse, mukaziphatikiza, ziziyenda mamailosi 27.5 pa galoni, omwe ndi pafupifupi makilomita 11.7 pa lita. Kenako nambalayo sinakwere kupitirira pamenepo kwa zaka zoposa makumi awiri. Mu 1990 seneta Richard Bryan wa ku Nevada anayesa kuikweza kufika cha m'ma 40, koma bilu yake inafera panjira. Kuyambira 1996 mpaka 2001 aphungu ankalowetsa kachiganizo kakang'ono mu bilu ya bajeti ya zamtengatenga, koletsa boma kugwiritsa ntchito ndalama pokonza zokweza nambalayo. Mukafufuza voti yolembedwa kuti "kukana galimoto zosamwa mafuta" m'zaka zimenezo, mudzatopa pachabe. Ntchito inagwiridwa ndi kachiganizo kobisala m'chikalata cha masamba ambirimbiri.

Ndiye mu 2007 chipani cha Democrat chitatenga nyumba zonse ziwiri, panabwera bilu yaikulu. Pamene inkachoka ku House kumayambiriro kwa Disembala inali ndi zinthu zitatu zolemera. Choyamba, mamailosi 35 pa galoni pofika 2020, pafupifupi makilomita 15 pa lita. Chachiwiri, makampani ogulitsa magetsi azipeza gawo 15 pa 100 la magetsi awo ku mphepo, dzuwa ndi zina zotero. Chachitatu, kuchotsa zina mwa zopepukitsa msonkho za makampani a mafuta, ndalamazo zipite ku magetsi a mphepo ndi dzuwa.

Ku Senate kuli chipata chimene anthu ambiri sachidziwa. Bilu isanavoteredwe, kupatula mabilu ena apadera monga a bajeti, pamafunika maseneta 60 ovomereza kuti zokambirana zithe. Voti imeneyi imatchedwa cloture. Ikalephera, bilu imangokhala osavoteredwa, ngakhale oifuna atakhala ambiri kuposa oikana. Pa 7 Disembala voti yotereyi inalephera ndi 53 kwa 42. Anachotsa gawo la magetsi lija n'kuyesanso pa 13 Disembala m'mawa. Zotsatira zinali 59 kwa 40. Inaperewera voti imodzi yokha, ndipo seneta mmodzi yekha amene sanavote tsiku limenelo anali McCain. Atsogoleri anachotsanso gawo la msonkho, ndipo madzulo a tsiku lomwelo bilu yotsalayo inadutsa ndi 86 kwa 8. George W. Bush anaisainira pa 19 Disembala.

Tsopano yerekezani kuti seneta wina akukuuzani kuti, "Ine ndinavotera lamulo la 2007." Akunena zoona. Koma anthu 86 angathe kunena chimodzimodzi, ndipo ena ochuluka ndithu mwa iwo m'mawa wa tsiku lomwelo anali m'gulu la 40 limene linadula bilu miyendo. Voti ya madzulo inali ya pachithunzi. Voti ya m'mawa ndi imene inasankha kuti lamulo likhale ndi chiyani. Choncho mukatsegula mbiri ya bilu pa congress.gov musathamangire mzere womaliza. Bwererani m'mbuyo, muone mavoti a cloture ndi mavoti a zosintha, kumene nyama imagawidwira isanafike pa mbale.

Voti ya zosintha ili ndi msampha wakenso, ndipo msamphawo ndi dzina. M'Malichi 2002, pofuna kugwetsa maganizo a Kerry ndi McCain aja, maseneta Carl Levin wa ku Michigan ndi Kit Bond wa ku Missouri anabweretsa chosintha chawo. Pochiwerenga chinkamveka bwino: boma lifufuze kaye, kenako likhazikitse nambala yoyenera. Chinadutsa ndi 62 kwa 38. Pa voti imeneyi "inde" ankatanthauza kukana kukweza nambala, ndipo "ayi" ankatanthauza kufuna galimoto zosamwa mafuta. Wongowerenga mutu wa chosinthacho atha kusokoneza mbali zonse ziwiri.

Mwaona kuti Levin anali wa Democrat, Bond wa Republican. Masiku amenewo nkhani ya galimoto inkagawa aphungu malinga ndi kwawo, chipani chinkabwera pambuyo. Amene kwawo kunali mafakitale a Ford, General Motors ndi Chrysler ankaima pamodzi, ndipo bungwe la ogwira ntchito m'mafakitalemo linkaima nawo poopa kuti ntchito zitha. John Dingell wa Democrat, wa ku Michigan, yemwe anakhala phungu kuyambira 1955 mpaka 2015, anathandiza kukhazikitsa malamulo akuluakulu oteteza nyama zakutchire ndi mpweya wabwino, koma pa nkhani ya CAFE anali khoma. Malikisi ake onse pamodzi ankaoneka abwino, chonsecho pa funso lenileni limene mwafunsali ndi iye amene ankatseka njira, makamaka ali wapampando wa komiti ya Energy and Commerce. Wapampando wa komiti safunika kuvota kuti aphe bilu. Amangosiya kuiika pa ndandanda wa zokambirana. Anzake a m'chipani anafika potopa naye, ndipo mu Novembala 2008 anamuchotsa pampandowo n'kuikapo Henry Waxman wa ku California.

Mbali inayo kuli seneta Chuck Grassley wa Republican, wa ku Iowa. Malikisi ake ku mabungwe a zachilengedwe ndi otsika. Koma ndi iye amene anayambitsa, mu lamulo la 1992, kuchotsera msonkho opanga magetsi a mphepo, ndipo lero Iowa imapeza magetsi ake opitirira theka kuchokera ku mphepo. Amamenyeranso nkhondo ethanol, pakuti kwawo ndi kwa alimi a chimanga ndipo ethanol wa kumeneko amachokera ku chimanga, osati ku nzimbe ngati wathu wa ku Dwangwa. Kodi munthu ameneyu ndi bwenzi la magetsi osaononga chilengedwe kapena mdani? Pa mphepo ndi bwenzi, pakuti mphepo imalipira alimi a kwawo lendi ya malo oimikapo makina. Pa malamulo ochepetsa utsi nthawi zambiri wakhala wokana.

Zinthu zinasintha cha m'ma 2009. Mu Juni chaka chimenecho bilu ya Waxman ndi Ed Markey, yoika malire pa utsi, inadutsa ku House ndi 219 kwa 212. A Democrat 44 anaikana, ambiri ochokera ku madera a malasha ndi a ulimi, ndipo a Republican 8 anaivomera. Ku Senate sinavoteredwe n'komwe, moti palibe seneta amene ali ndi voti yolembedwa pa bilu imeneyo. Pofika 2022 kusakanikirana kotereku kunali kutatheratu. Inflation Reduction Act inadutsa ku Senate ndi 51 kwa 50, wachiwiri kwa pulezidenti Kamala Harris ndiye anaponya voti yolekanitsa, ndipo ku House inadutsa ndi 220 kwa 207. Aliyense anavota ndi chipani chake. Pamenepa ndinene mosabisa: malikisi a masiku ano, nthawi zambiri, akungokuuzani chipani cha phunguyo, chinthu chimene mukuchidziwa kale poona chikwangwani cha panjira. Ngati wa Republican wapeza 4 ndipo mnzake wapeza 7, musataye nthawi kufufuza kusiyana kwawo.

Ngakhale voti ya 51 kwa 50 ija ili ndi nkhani yake m'kati. Amene anagwira kiyi anali Joe Manchin, wa Democrat panthawiyo, wa ku West Virginia, dziko la malasha, munthu amene pa kampeni ya 2010 anajambulitsa uthenga wa pa TV akuwombera ndi mfuti pepala la bilu ya malire a utsi ija. Mu 2022 anavota "inde", koma atakakamiza kuti boma lipitirize kubwereketsa malo okumba mafuta ndi gasi, komanso kuti madola 7,500 ochotsera wogula galimoto ya magetsi azipita kokha ku galimoto zolumikizidwa ku North America. M'buku la mavoti "inde" wake ndi wofanana ndi wa Bernie Sanders, seneta wolimbikira kwambiri nkhani za chilengedwe. Pa zimene zinalembedwa mu lamulo, dzanja lake ndi limene likuoneka kwambiri.

Palinso mavoti amasewera. M'Malichi 2019 mtsogoleri wa Senate, Mitch McConnell wa Republican, anabweretsa Green New Deal, ndondomeko ya a Democrat ena yosinthira dziko ku magetsi osaononga chilengedwe, kuti ivoteredwe, iye mwini akuidana nayo, cholinga chili choti a Democrat aonekere poyera. A Democrat 42 pamodzi ndi Bernie Sanders anayankha kuti "present", kutanthauza kuti ndilipo koma sindivota, ndipo zotsatira zinali 0 kwa 57. Palibe chimene mungaphunzire za munthu pa voti yotere, kupatula kuti zipani zonse zimadziwa kutcherana misampha.

Nanga muyang'ane chiyani? Ine ndimayang'ana voti imene inamupweteka phunguyo: pamene chipani chikukokera uku, ntchito za kwawo zikukokera uko, ndipo mavoti ali pafupi moti lake likuwerengedwa. Mavoti oterewa ndi ochepa, mwina awiri kapena atatu pa teremu yonse, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Chaka cha 2025 chinapereka awiri abwino kwambiri.

Voti yoyamba inali mu Meyi, pa chilolezo chimene California inali nacho chothetsa kugulitsa galimoto zatsopano zoyendera petulo yekha pofika 2035. House inavota 246 kwa 164 kuchotsa chilolezocho, ndipo mwa ovomerawo munali a Democrat 35. Ku Senate zinali 51 kwa 44, ndipo Elissa Slotkin wa Democrat, wa ku Michigan komwe kuja kwa Levin ndi Dingell, anavota ndi a Republican. Ngati phungu wanu ndi wa Democrat, dzina lake mulifufuze pa voti imeneyi.

Voti yachiwiri ndi ya a Republican. Mu Ogasiti 2024 aphungu 18 a chipanichi analembera kalata sipikala Mike Johnson kumupempha kuti zochotsera msonkho za magetsi zija zisathetsedwe zonse, pakuti m'madera mwawo munali mutayamba kale kumangidwa mafakitale. Kalatayo inatchuka, ndipo ena anaiika pa timapepala ngati kanu kachiwiri kaja. Mu Julayi 2025 inafika bilu yaikulu ya misonkho ya Donald Trump. Biluyo inathetsa madola 7,500 a galimoto za magetsi kuyambira kumapeto kwa Seputembala 2025, inathetsa chochotsera msonkho cha oika sola panyumba kumapeto kwa chakacho, inafupikitsa nthawi ya zochotsera za mphepo ndi dzuwa, ndipo chindapusa cha kampani yolephera kukwaniritsa CAFE inachiika pa 0. Lamulo la 1975 lilipobe m'buku, koma wolithyola salipira kanthu. Ku Senate inadutsa ndi 51 kwa 50, wachiwiri kwa pulezidenti JD Vance ndiye analekanitsa, ndipo a Republican okana anali atatu: Susan Collins, Rand Paul ndi Thom Tillis. Ku House inadutsa ndi 218 kwa 214, ndipo a Republican okana anali awiri okha, Thomas Massie ndi Brian Fitzpatrick. Werengani nokha kuti mwa osainira kalata aja amene anali akadali m'nyumbamo, angati anaima pa mawu awo.

Kunena chilungamo, biluyo inali ndi zinthu zambirimbiri, misonkho ya mabanja, ndalama za zaumoyo, za m'malire a dziko, ndipo phungu atha kukuuzani kuti anavomera chifukwa cha zinazo. Okana ajanso si onse amene anakana chifukwa cha sola: Massie ndi Paul ankadandaula za ngongole ya boma, Tillis za thandizo la zaumoyo kwa osauka. Umu ndi mmene mabilu amakono alili, amamanga zonse mumtolo umodzi kuti pasapezeke wofunsidwa chinthu chimodzi payekha. Komabe voti imeneyi ikuonetsa kuti pamene magetsi a dzuwa anaikidwa pa sikelo ndi zinthu zina, phunguyo anasankha chiyani. Kwa ine zimenezo n'zolemera kuposa kalata.

Chinthu china chimene buku la mavoti silingakuonetseni ndi ichi: nambala zambiri za CAFE za zaka zaposachedwa sanazivotere aphungu. Zimakhazikitsidwa ndi nthambi za boma, NHTSA ndi EPA, motsogozedwa ndi pulezidenti. Nambala yotchuka ya mamailosi 54.5 pa galoni pofika 2025 inachokera ku boma la Barack Obama mu 2012, boma la Trump linaifewetsa mu 2020, la Joe Biden linaikwezanso. Ngati chimene chikukuwawani ndi mafuta amene galimoto yanu yamawa idzamwe, voti yanu ya pulezidenti ikukhudza zimenezo mwachindunji kuposa ya phungu.

Tibwerere ku timapepala tanu. Tengani koyamba, mupite pa tsamba la bungwe limene lapereka malikisiwo, mutsegule mndandanda wa mavoti a chakacho, musankhe okhawo okhudza galimoto ndi magetsi, muonenso ngati phunguyo anavota "ayi" kapena anangojomba. Tengani kachiwiri, mufufuze chaka chimene fakitale ya mabatire ija inalengezedwa. Ena mwa mafakitalewa analengezedwa lamulo la 2022 lisanabwere, ndiye si chilungamo kunena kuti onse ndi ana a lamulolo. Ngati inalengezedwa pambuyo pa Ogasiti 2022, onani dzina la phungu wanu pa voti ya 220 kwa 207, kenako pa ya 218 kwa 214. Mukatero imbani foni ku ofesi yake ya m'dera lanu. Amene adzayankhe nthawi zambiri ndi wachinyamata amene ntchito yake ndi kulemba zimene anthu a m'deralo akunena. Musamufunse ngati abwana ake amakonda magetsi a dzuwa, pakuti adzakuyankhani kuti amakonda magetsi a mtundu uliwonse. Mutchulireni tsiku la voti ndi nambala yake, mumuuze kuti mukufuna yankho lolembedwa lofotokoza chifukwa chake anavota choncho, ndipo mumupatse adiresi yanu kuti adziwe kuti ndinu wa m'dera lomwelo.